Chaka chomwe Bambo anafesa madzi

Ndikukumbukira Hewe wa nyengo yotentha, utsi wa moto wa m'tchire utaphimba mapiri mpaka dzuwa kumatuluka lofiira, loti mwana n'kuliyang'anitsitsa osaphethira. Fumbi linkalowa paliponse, m'tsitsi, m'makope, ngakhale m'chitini cha shuga chomwe Amayi ankatseka ndi mphamvu zawo zonse. Kumadimba kokha n'komwe kunkatsala kobiriwira. Fungo la kumeneko, la matope osakanikirana ndi mapesi opserera, ndikalimva lero pena pake ndimaima kaye, anthu n'kumandipitirira akudabwa kuti mayiyu wataya chiyani. Tinkakhala m'nyumba ya boma ya malata a dzimbiri, kuseri kwake kuli mtengo wa mango womwe sunkabereka, koma tinkaupatsabe ulemu chifukwa cha mthunzi.

Kwathu kwenikweni ndi ku Dedza. Bambo anali mlangizi wa zaulimi, ndipo boma linawatumiza ku Hewe, ku Rumphi, ine ndisanayambe n'kuyenda komwe. Choncho ndinakula ndi ziyankhulo ziwiri, m'nyumba Chichewa, kunja Chitumbuka, ndipo ndikapsa mtima ndinkazisakaniza mpaka Amayi kuseka m'malo mondilanga. Alimi ankawatchula Bambo kuti a Mbewe. Ine ndinali Nambewe, dzina lomwe Bambo ankandiitana nalo akakhala kuti zinthu zili bwino. Ku Dedza ndinkangopitako patchuthi, kukazizidwa ndi kukasekedwa ndi asuweni anga chifukwa cha kayankhulidwe kanga kakumpoto. Kwa ine kwathu kunali ku Hewe, ndipo sindinkafuna kumva za kwina.

Ndinali mu Sitandade 6 pamene maso a Bambo anayamba kutha. Sanathe tsiku limodzi. Mdima unayambira m'mphepete, n'kumabwera pang'onopang'ono chapakati. Iwo ankati dziko likuwaonekera ngati mmene amaonera munthu wosuzumira m'nsungwi: chomwe walunjika nacho akuchiona, cha pambali ayi. Kuchipatala anawapatsa mankhwala odonthezera m'maso, n'kuwauza mosabisa kuti mankhwalawo angochedwetsa mdimawo, koma zomwe zapita sizibwerera. Tsiku lomwelo Amayi anandikhazika pansi n'kundiuza kuti nkhani ya maso isatuluke pakhomo. Akuluakulu a ku boma akadangomva, akanawapumitsa ntchito Bambo, ife n'kukweza katundu pa lole kubwerera ku Dedza. Ine ndinkaopa kusiya anzanga. Amayi ankaopa china chachikulu, chifukwa ankamudziwa mwamuna wawo. Bambo anali munthu woti akayamba kufotokoza za manyowa ankaiwala kuti chakudya chikuzizira, ndipo kuwalanda ntchitoyo kunali kuwakwirira akupuma.

Anasiya kukwera njinga, n'kumangoikankha poyendera alimi. Aliyense wofunsa ankamuuza kuti ndi msana. Anthu a ku Hewe sakhala chete munthu akadandaula za msana. Uyu ankabwera ndi mizu yowiritsa, uyo ndi makungwa othowera, wina ndi mafuta omwe sindikufuna kudziwa kuti anachokera ku nyama yanji. Pofika nyengo yokolola Amayi anali ndi dengu lodzaza ndi mankhwala a msana womwe unalibe vuto lililonse.

Ntchito yanga inali yowawerengera. Nyuzipepala zinkafika mochedwa, zitakwinyika m'thumba la aliyense wochokera ku boma, nkhani zake zitazizira kale. Bambo sankasamala za zimenezo. Madzulo dzuwa likapendeka ankakhala pakhonde, miyendo atatambasula, ine pansi pamphasa, n'kumawerenga chilichonse kuyambira za ndale mpaka za mitengo ya fodya kumsika. Za Chingerezi ndi zomwe ankazikonda kwambiri, ati ndiziphunzirirapo. Ndikakumana ndi liwu lovuta ndinkalidumpha mwaulemu, koma makutu a Bambo sankadumphika. Ankangokweza chala, ine n'kubwerera.

Tsiku lina chala chinakwera pa liwu lomwe ndinali ndisanalionepo, la Chingerezi, loti nanobot. Ndinalitchula kawiri, iwo n'kundiuza kuti ndiwerenge nkhani yonse mofatsa. Nditamaliza anayamba kulimasula ngati mmene ankamasulira zinthu kwa alimi. Anati liwulo ndi mawu awiri omatidwa pamodzi. Mbali yoyamba, nano, imanena za kuchepetsetsa, kuchepa koti diso silingaone, koti ngakhale galasi lawo lokulitsira zinthu, lomwe ankaonetsera alimi nsabwe za pamasamba, silingathandize. Mbali yachiwiri anachita kuidula ku liwu loti loboti, osati maloboti a pamsewu a ku Lilongwe, koma makina ogwira ntchito okha akauzidwa chochita. Nkhaniyo inkati akatswiri a kunja akuganiza zopanga timakina totere tambirimbiri, toti n'kutilowetsa m'magazi a munthu, tizikayenda m'mitsempha n'kumakonza pomwe pawonongeka.

Ndinafunsa kuti kuchepa kwake n'kotani kwenikweni. Bambo anandituma kukatenga kapepala ka mbewu ya fodya yotsalira chaka chatha, n'kundiuza kuti ndithire pang'ono padzanja. Amene simunaionepo mbewu ya fodya, ndi fumbi lenileni lofiirira. Ukayetsemula uli nayo padzanja, munda wonse wapita. Ndinaiyang'ana ndi galasi lija, njere iliyonse n'kuoneka yobulungira, yokhala ndi timizere take. Bambo anati kwa kamakina kaja, njere imodzi yotere ndi nyumba yathunthu, ya khonde lake ndi khitchini kuseri. Tinagwirizana kuti kanthu kochepa chonchi sikangatchedwe nanoboti chabe ngati kuti ndi thirakitala. Kamodzi kanakhala kananoboti, tambiri tinanoboti.

Bambo anali ndi lamulo lawo pa mawu atsopano. Kudziwa tanthauzo sikunkawakwanira, ankafuna ulipangire liwulo chiganizo chako. Ndinaimirira monga tinkachitira m'kalasi, manja kumbuyo, n'kunena m'Chingerezi changa cha Sitandade 6 kuti tinanoboti tidzakonza maso a bambo anga. Ndinadikira kuti andiyamikire. Iwo anayang'ana kumapiri nthawi yaitali, akusisita bondo.

"Galamala ili bwino, Nambewe," anatero.

Kenako anawonjezera kuti ndisaiwale kuti timakinato sanayambe kutipanga kwenikweni, akatswiriwo akungolota chabe. Mawu amenewo analowa khutu ili n'kutulukira linalo. Ine ndinali ndi funso langa lomwe ndinkaona kuti akuluakulu onse alizemba. Ngati tinthuto n'tosaoneka, munthu angadziwe bwanji kuti sitinafike?

Kuyambira pamenepo ndinayamba kulota ndili maso, ndipo ndinali mwana woti akagwira chinthu sataya. Pa malata a chipinda cha Bambo panali kabowo ka msomali komwe masana kankalowetsa dzuwa ngati ulusi wowongoka kuchokera kudenga mpaka pansi. M'kuwala kumeneko munkayandama tizinthu tagolide, tikukwera, tikutsika, tikuzungulira mosapupuluma. Amayi ankati ndi fumbi, ndisese bwino. Ine ndinkadziwa zanga. Loweruka masana Bambo akagona pang'ono, ndinkalowa mwakachetechete, n'kukupiza dzanja kuti tizinthuto tilowere kunkhope kwawo. Ndinkatinong'oneza njira, kuti tilowe cha pakona pa diso, tisawadzutse, tiyambe ndi lakumanzere chifukwa ndilo linali litaipa kwambiri. M'maganizo mwanga ndinkationa titanyamula timakwerero ndi tinyali, tikupukuta m'kati mwa diso monga Amayi ankapukutira galasi la nyali, tina titakhala pansi tikupumula. Ndinkatiyankhula Chichewa, kenako n'kubwereza m'Chitumbuka, poti sindinkadziwa kuti tinalowera malire ati.

Kusukulu liwulo ndinalifalitsa, koma za maso sindinatchule. Ndinalilemba m'chimangirizo, aphunzitsi n'kulizunguliza ndi cholembera chofiira, ati ndizigwiritsa ntchito mawu omwe alipo. Sindinakwiye. Ndinangowamvera chisoni kuti nkhani sinawapeze. Anzanga analilandira ndi manja awiri, n'kulisandutsa Chitumbuka, tunanoboti, ndipo linayamba kugwira ntchito zomwe akatswiri a kunja sanaziganizirepo. Chinangwa chikasowa m'desiki, wakubayo ankalumbira kuti tunanoboti twarya. Wina akalephera masamu, ndiye kuti timakinato tamusokoneza m'mutu. Ine ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkaona kuti akuseweretsa zinthu zolemekezeka.

Ndiye inafika nyengo yofesa nazale za fodya. Chaka chimenecho ku boma anatumiza mbewu yatsopano, kapepala kamodzi kokha, koti Bambo afese pa bedi lachitsanzo alimi akuonerera. Bwana wawo anali atanena kuti mbewuyo ikamera abwera yekha kudzaona. Bedilo linakonzedwa m'dimba la NyaMhango, mayi wamtali wa mawu okhuthala yemwe ankatsogolera kalabu ya alimi a m'deralo. Ankanditcha mkamwana wake, ati adzandikwatitsa kwa mwana wawo wamwamuna yemwe panthawiyo n'kuti akuyendabe mamina ali pamphuno. Alimi anali atatipula dothi mpaka kusalala, ataunjikapo mapesi n'kuwotcha kuti mbewu za udzu ndi tizilombo zife. Ine ndinapita nawo monga wonyamula chikwama, koma ntchito yanga yeniyeni inali kuyenda kumanzere kwa Bambo n'kumatsokomola pakakhala chitsa.

Mbewu ya fodya safesa ndi manja ngati mpiru. Ndi yochepa kwambiri moti ingaunjikane malo amodzi. Amaithira m'keni ya madzi, n'kuvundula ndi kamtengo, kenako n'kuthirira bedi lonse mofulumira, madziwo n'kumamwaza njere mofanana. Zikatero amaphimba ndi udzu wopyapyala, n'kumathirira tsiku ndi tsiku mpaka zitamera. Munthu wongodutsa angaganize kuti mukuthirira dothi lopanda kanthu, chifukwa m'madzimo simuoneka chilichonse.

M'mawa umenewo alimi anazungulira bedi, abambo mbali iyi, amayi mbali iyo, zitenje zikuwala m'dzuwa lofiira lija. Bambo anali m'chimwemwe chawo. Anayankhula za dothi, za madzi, za kuleza mtima, akusakaniza Chichewa ndi Chitumbuka chawo chopindika chomwe alimi ankachikonda. Keni inali pansi, pafupi ndi chitsime, pamatope. Anawerama, n'kung'amba kapepala kaja, akuyang'anabe anthu pofuna kutsindika mfundo. Munthu wosuzumira m'nsungwi sangaone nkhope za anthu ndi kamwa la keni nthawi imodzi. Ndinaona ndi maso angawa mbewu ikutsika ngati kautsi kofiirira, kunja kwa keni, n'kugwera m'matope. Anakung'untha kapepalako kawiri kuti pasatsale kanthu. Kenako anasuntha phazi, nsapato yawo n'kuponda pomwepo.

Ndinayang'ana anthu. Wina ankayang'ana bedi, wina mapiri, NyaMhango ankakonza duku lake. Ndinathokoza Mulungu kuti palibe waona. Bambo anavundula madziwo ndi kamtengo mosamala kwambiri, akufotokoza kuti ukapanda kuvundula njere zimakhazikika pansi. Anayenda m'mbali mwa bedi keni ili m'manja, madzi akugwa ngati mvula yowaza, ndipo anayenda mokongola, msana uli chilili, ataiwala kuti umayenera kupweteka. Alimi anawomba m'manja. Anaphimba bedilo ndi udzu, wina n'kupemphera, anthu n'kubalalika.

Panjira Bambo ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Anandifunsa ngati zinayenda bwino. Ndinati zinayenda bwino, Ababa. Ndikanati chiyani? Mbewu ina panalibe, ndipo kuwauza kunali kuwauza kuti ntchito yawathera. Amayinso sindinawauze, chifukwa ndinkawamva akupemphera kuti tsiku limeneli lingodutsa bwino, ndipo nkhope yawo inali itamasuka koyamba m'miyezi yambiri. Masana ndinabwerera ndekha kudimba kuti mwina nditoleko. Pamatope paja panali patapondedwapondedwa ndi otunga madzi. Ndinafukula ndi zala, n'kumayang'ana dothi ndi galasi la Bambo, koma dothi ndi mbewu ya fodya n'zofanana mtundu. Ndinakhala pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi.

Masiku otsatirawo ndinkayenda ngati munthu wa malungo. M'kalasi ndinkaona bolodi, koma m'mutu munali bedi lopanda kanthu, bwana wa ku boma ataima pambali pake akugwedeza mutu, lole itaima pakhomo pathu. Tikaweruka ndinkadzera kudimba. Alimi ankathirira mosinthana m'mawa ndi madzulo, mokhulupirika, ndipo zinkandipweteka kuwaona akusenza madzi kukathirira madzi anzake. Akachoka ndinkagwada pamutu pa bedi, n'kukweza udzu pang'ono. Pansi pake pankanunkhira phulusa lonyowa, dzuwa likulowa m'mipata ya udzu, ndipo m'kuwalako tizinthu tanga tagolide tinali momwemo, tikuyandama. Ndinasintha malangizo. Ndinatiuza kuti za maso tiziimike kaye, pali ntchito yachangu. Ndinatilozera pamatope paja, n'kutifotokozera kuti titole njere imodziimodzi, tisenze mothandizana poti kwa ito njere ndi nyumba, tiziyale mofanana pabedi lonse, osaunjika. Ndinali mwana wa mlangizi, ndiye malangizo anga anali atsatanetsatane.

Sabata itadutsa ndinakweza udzu monga mwa masiku onse, osayembekezera kanthu. Dothi linali litachita timadontho tobiriwira. Ndinaganiza kuti ndi maso anga. Ndinatulutsa galasi, n'kuona timasamba tiwiritiwiri tozungulira, tating'ono kuposa mutu wa singano, tonyezimira ndi madzi. Udzu womera ndinkaudziwa, umatuluka wosongoka. Uyu anali fodya. Ndinakwawa m'mbali mwa bedi lonse ndikukweza udzu apa ndi apo, ndipo paliponse panali chimodzimodzi, mofanana bwinobwino, popanda pounjikana kapena podumphidwa. Ndinagona chagada pamzere, ndikuyang'ana kumwamba kotuwa ndi utsi, thupi lonse lapepuka. Sindinakuwe. Ndinangonena kuti yewo chomene, kenako zikomo, kuti timve mbali zonse.

Bwana uja anabwera pa galimoto ya boma, nsapato zake zikuopa matope. Anayang'ana bedi, n'kunena kuti sanaone nazale yomera bwino chonchi m'dera lonse. Bambo anayendetsa chikhatho pamwamba pa timbewuto osatikhudza, akumwetulira ngati iwo ndiwo anatilenga. NyaMhango anapatsa mlendoyo nkhuku. Galimoto inapita, lole sinabwere.

Ine tsopano ndinali ndi umboni, ndipo ndinadikira maso. M'mawa uliwonse Bambo akamamwa tiyi ndinkaima chakumanzere kwawo, chapambali, n'kutulutsa lilime. Ndinkafunitsitsa tsiku lomwe adzanditembenukire n'kundikalipira kuti ndilibe mwambo. Sanatembenuke. Ndinadziuza kuti diso ndi ntchito yovuta kuposa nazale, tifunika nthawi. Mvula inagwa, fodya anawokeredwa kumunda, anakula kundipitirira, anathyoledwa, n'kupachikidwa m'zigafa. Ine ndinkatulutsabe lilime. Sindikudziwa tsiku lomwe ndinasiya. Zinthu za ubwana sizitsazika, umangozindikira kuti papita nthawi usanazichite. Nditafika ku sekondale ndinadzipezera yankho la munthu wophunzira, loti mwina njere zina zinagwera m'keni ine osaona. Koma pansi pa mtima ndinkadziwa zomwe ndinaona m'mawa uja.

Bambo anagwirabe ntchito nyengo zingapo. Amayi ankawalembera malipoti, ine ndinkawawerengera, ndipo pa zitsanzo anayamba kumapatsa alimi kuti azichita okha, ati kuonerera sikuphunzitsa munthu. Nsungwi ija itatsekeka mpaka kutsala kabowo, anavala jekete lawo, n'kupita okha ku boma kukanena. Anachoka pa nthawi yawo, ndi miyendo yawo, ndipo anthu a ku Hewe anawaphera mbuzi powatsazika. Ku Dedza anakhala zaka zambiri mumdima wathunthu, koma sanali munthu wosweka. Mlendo aliyense wofika pakhomo ankamvetsera nkhani imodzimodzi, ya mmene iwo, a Mbewe, anagwirira ntchito ya boma opanda maso, chigwa chonse osazindikira kanthu. Ankaseka mpaka kutsokomola. Za mbewu ija sindinawauze mpaka tinawaika m'manda.

Masiku ano liwu lija silinso lachilendo. Ana anga amalimva m'mafilimu, n'kumandifotokozera ine ngati kuti ndine wobwera dzulo. Nthawi ya mliri ija, katemera atabwera, linadzaza m'mauthenga a pafoni, anthu akuchenjezana kuti m'jakisoni aikamo timakina tosaoneka toti tizikazonda munthu m'thupi. Ena anathawa chipatala chifukwa cha bodza limenelo. Zinandimvetsa chisoni, komanso zinandiseketsa mowawa, kuti chinthu chomwe ine ndinkachikupizira kunkhope kwa Bambo ndi pemphero, lero anthu akuchitsekera zitseko. Ndikawerenga ndimapeza kuti tinanoboti tenitenito tikadali m'manja mwa ofufuza, akuyesabe, akulotabe, monga Bambo ananenera pakhonde paja.

Chaka chatha ndinabwerera ku Hewe ku ukwati wa mwana wa mnzanga wa kusukulu. Njinga zamoto zadzaza msewu womwe Bambo ankakankhamo njinga yawo. Madenga ambiri ndi a malata, pamwamba pali masola, ndipo ndinamva kuti alangizi a lero malangizo ena amangotumiza pafoni. Nyumba yathu ija ilipo, koma yatsekedwa, mawindo anathothoka. Nditafunsa za NyaMhango anandiuza kuti ali moyo, ndipo ndinakwera njinga yamoto kukawaona.

Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza, atafupika, mawu okha ndiwo sanakalambe. Anandizindikira nditangopereka moni, n'kundidandaulira kuti mkamwana wawo ndinathawa ukwati. Tinakamba za amoyo ndi akufa. Ndinawauza za imfa ya Bambo, iwo n'kumamvetsera akugubuduza mtedza m'lichero. Sindikudziwa chomwe chinandigwira, koma ndinayamba kuwafotokozera za nazale ija, ndikudziseka ndekha, za mbewu yogwera m'matope, za timakina tanga tosaoneka. Inali nthawi yoyamba kuuza munthu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika lichero pansi.

"Mwana wane, mbewu ija tonse tinaiona ikugwa," anatero. "Tonse, na ŵanalume wuwo, abambo aja omwe."

Anati tsiku lomwelo, ife titachoka, alimi anakumana pansi pa mtengo. Panalibe zokambirana zambiri. Aliyense anatapa pang'ono pa mbewu ya nazale yake, ndipo m'mawa mwake kusanatenthe iwo ndi amayi ena awiri anachotsa udzu, n'kufesa bedi lonse, n'kubwezerapo udzuwo monga unalili. Za maso anali atazidziwa kalekale, mwina Amayi asanandikhazike n'komwe pansi. Anati ankatuma ana awo kukachotsa miyala ndi minga m'njira za kumadimba tsiku loti alangizi abwera. Msonkhano ukamachitika ankauzana kuti wofunsa funso aziima kutsogolo kwenikweni, osati pambali.

Ndinafunsa kuti anavutikiranji chonsecho chifukwa cha munthu wobwera. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anati munthu wobwerayo ankafika pa maliro awo onse, n'kuvula jekete, n'kugwira nawo fosholo kumanda. Anati munthu akabisa chilonda chake ndiye kuti ali ndi chifukwa, ndipo si ntchito ya anzake kumuvundukula pagulu. Za ine anati ankandiona ndikuyankhula ndekha pamutu pa bedi, iwo n'kumazungulira njira ina kuti asandisokoneze.

Kenako anandigwira dzanja, nkhope itasintha, ngati munthu amene wasunga funso zaka zambiri.

"Kasi adada ŵako anadziwa?"

Ndinati ayi. Ndinawauza kuti anamwalira akudzitama kuti anapusitsa chigwa chonse cha Hewe.

NyaMhango anatseka maso, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, kawiri.

"Yewo," anatero. "Ndiye kuti tinaigwira makora ntchito, tinaigwira bwino."

Pobwerera ndinalira njira yonse, mayi wamkulu wa ana atatu, nditakhala kumbuyo kwa njinga yamoto ya munthu wosamudziwa. Ndinkalirira Bambo, ndinkaliriranso manyazi okoma oti zaka zonsezi ndinkathokoza fumbi. Titafika, woyendetsayo anandiyang'ana kamodzi, n'kutembenukira ku tayala lake ngati pali china chofunika kuchiona.

"Mphepo ya panjinga imatulutsa misozi, mama," anatero. "Aliyense amatsika choncho."

Ndinavomera kuti inalidi mphepo, ndipo iye anapitiriza kuyang'ana tayalalo mpaka nditapukuta kumaso.